Phunziro 14: Khutu lotsekeka ndi phula

Mwana wosamva

Mtsikana wina wa zaka 9 anacoka ku Ulongue, m'boma la Angónia, kukakhala ndi azakhali ake mu mzinda wa Tete. Azakhaliwo amakhala ku Matundo, pafupi ndi mlatho wa Samora Machel umene umawoloka mtsinje wa Zambezi. Ku Angónia kumazizira. Ku Tete kumatentha kwambiri. Mu Okutobala ndi mu Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo nyengo ya cilimwe fumbi limakhala paliponse.

Kumudzi mtsikanayu anali wocangamuka ndipo ankakhoza bwino m'kalasi. Patapita miyezi ingapo ali mu mzinda, anasintha. Azakhali akamuitana ali kuseri kwa nyumba, iye sankavomera. Ku sukulu aphunzitsi akanena mawu a Cipwitikizi kuti ana abwereze, iye ankabwereza molakwika. Tsiku lina aphunzitsi anati ana alembe mawu akuti vaca, ndiye kuti ng'ombe. Iye analemba faca, ndiye kuti mpeni. Anzake anamuseka. Kuyambira tsiku limenelo anasiya kukweza dzanja m'kalasi.

"Mwana uyu ndi wosamva," azakhali anadandaula kwa anansi awo. "Akapitiriza conci, ndimubweza kwa amayi ake kumudzi."

Mu Cinyanja mawu akuti wosamva ali ndi matanthauzo awiri. Wosamva ndi mwana wamwano amene amakana malangizo. Akuluakulu amamucenjeza ndi mwambi wakuti wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu. Koma wosamva ndi munthunso amene mawu safika bwino m'makutu mwake. Azakhali ankaganiza za tanthauzo loyamba.

Aphunzitsi anayamba kumuyang'anitsitsa mwanayo. Anaona kuti akamamvetsera amatembenuza mutu kuti khutu lakumanzere likhale kutsogolo. Anaonanso kuti amayang'ana milomo ya munthu amene akulankhula. Tsiku lina anaima kumbuyo kwake, nanong'oneza dzina lake. Mwanayo sanaceuke. Pamenepo aphunzitsi anaitanitsa azakhali.

"Mayi, mwanayu alibe mwano," anatero aphunzitsi. "Mupite naye ku cipatala akamuone m'makutu."

Mmene khutu limamvera

Khutu lili ndi zigawo zitatu: khutu lakunja, khutu lapakati ndi khutu lamkati.

Khutu lakunja ndi limene limaoneka m'mbali mwa mutu, pamodzi ndi ngalande imene imalowa mkati. Kwa munthu wamkulu ngalandeyi ndi yaitali masentimita 2,5. Kumapeto kwake kuli nembanemba, kacikopa kopyapyala kokungika ngati cikopa ca ng'oma.

Mawu akalowa m'ngalande amagunda nembanemba ndipo imanjenjemera. Kuseri kwa nembanemba, m'khutu lapakati, muli timafupa titatu. Kamodzi mwa timafupati ndi kakang'ono kuposa mafupa onse a m'thupi, kotalika pafupifupi mamilimita 3 okha. Timafupato timapititsa kunjenjemera kuja ku khutu lamkati. Kucokera kumeneko mtsempha umatenga uthenga kupita nawo ku ubongo, ndipo munthu amamva.

Njira yonseyi imayambira pa ngalande. Ngalande ikatsekeka, mawu amafika ofooka, ngati a munthu amene akulankhula kuseri kwa citseko.

Phula si litsiro

Anthu ambiri amaganiza kuti phula la m'khutu ndi litsiro. Si conco. Thupi limapanga phula dala. Pakhungu la ngalande, capafupi ndi pakhomo pa khutu, pali tiziwalo ting'onoting'ono totulutsa mafuta. Mafutawo amasakanikirana ndi khungu lofunduka, ndipo phula limapangika.

Phula lili ndi nchito zinayi. Limakola fumbi ndi tizilombo touluka kuti zisafike pa nembanemba. Limaletsa madzi kunyowetsa khungu la ngalande. Limafewetsa khungulo kuti lisaume ndi kuyabwa. Limalepheretsanso majeremusi kuswana, cifukwa ndi lowawasa pang'ono.

Phula la anthu onse silifanana. Anthu ambiri a mu Afrika ndi a ku Ulaya ali ndi phula lonyowa, lomata, lacikasu kapena lofiirira. Anthu ambiri a ku China, Korea ndi Japan ali ndi phula louma, lotuwa. Akatswiri a ku Japan anapeza kuti kusiyanaku ndi kwa cibadwa: mwana amatengera kwa makolo ake. Mtundu wa phula sumasonyeza kuti munthu ndi waukhondo kapena wauve.

Khutu limadziyeretsa lokha. Khungu la m'ngalande limayenda pang'onopang'ono kucokera ku nembanemba kupita kunja, monga mmene zikhadabo zimakulira. Poyenda limanyamula phula lakale. Nsagwada zimathandiza: munthu akamatafuna kapena kulankhula, ngalande imagwedezeka ndipo phula limasunthira pakhomo. Likafika pakhomo limauma n'kugwa, kapena limacoka posamba. Kwa anthu ambiri zimenezi zimakwana. Safunika kucita cina ciliconse.

Cifukwa cimene khutu limatsekekera

Azakhali a mtsikana uja ankakonda ukhondo. Lamulungu lililonse madzulo ankakulunga thonje ku kamtengo ka macesi n'kumutokosa mwanayo m'makutu. Naye mwanayo, khutu likayabwa m'kalasi, ankalowetsamo cotsekera ca bolopeni. Anthu ena amatokosa ndi nthenga ya nkhuku, udzu, kiyi, kapena timitengo tathonje togula m'sitolo, timene m'Cipwitikizi amati cotonetes.

Kutokosa kumatulutsa phula locepa. Loculuka limakankhidwira mkati, kumene kulibe tiziwalo topanga phula ndiponso kumene phula silinayenera kufikako. Kamtengo kamagwira nchito ngati munthu wotsendera cimanga m'thumba: akamatsendera, cimanga cimathinana. Sabata ndi sabata phula limathinana mpaka limauma ngati cotsekera ca botolo. Kamtengo kangathenso kukanda khungu la ngalande n'kuyambitsa cilonda, kapena kuboola nembanemba.

Pali anthu ena amene makutu awo amatsekeka ngakhale satokosa. Ena anabadwa ndi ngalande yopapatiza kapena yokhota. Ena matupi awo amapanga phula loculuka. Kwa okalamba phula limauma kwambiri, ndipo abambo acikulire amamera ubweya m'ngalande umene umagwira phulalo. Zinthu zovala m'khutu nthawi yaitali zimatsekanso njira ya phula: timawayilesi ta m'khutu tomvera nyimbo pa foni, zipangizo zothandiza kumva, ndi zotsekera makutu zimene anchito a m'migodi ya malasha ku Moatize amavala. Anchitowo asaleke kuvala zotsekerazo, cifukwa phokoso la makina limapha makutu osacira. Cofunika ndi kusunga zotsekerazo zili zoyera ndi kuonetsa makutu ku cipatala.

Madzi nawo ali ndi mbali yake. Phula louma likanyowa limafufuma. Ndiye cifukwa cake munthu amene anali kumva bwino m'mawa amatha kudabwa kuti khutu latseka atangomaliza kusamba.

Vutoli ndi lofala. Bungwe la madokotala a makutu, mphuno ndi mmero la ku United States, m'malangizo ake a mu 2017, linati phula loculuka kapena lothinana limapezeka mwa mwana mmodzi pa ana 10 alionse, mwa munthu wamkulu mmodzi pa akuluakulu 20 alionse, ndi mwa okalamba oposa mmodzi pa atatu alionse. M'kalasi ya ana 50, ndiye kuti ana 5 angakhale nalo.

Zizindikiro za khutu lotsekeka ndi izi: munthu samva bwino, khutu limamveka lodzaza, mkati mumalira ngati nyenje, mumayabwa, ndipo mawu ake omwe amamveka ngati akulankhulira mu mtsuko. Ena amamva cizungulire pang'ono kapena amatsokomola.

Ku cipatala

Azakhali anapita naye mwanayo ku cipatala caching'ono ca pafupi ndi kwawo. Anamwino anatenga kacipangizo kokhala ndi nyali ndi galasi, kounikira m'khutu. Anakoka khutu la mwanayo mofatsa, nasuzumira mkati.

"Kumanja kwatsekeka konse, nembanemba sikuoneka," anatero anamwino. "Kumanzere kwatsala kampata kakang'ono. Mwanawe, khutu limakuwawa? Linatulukapo mafinya?"

"Ayi, anamwino. Limangoyabwa."

"Nanga inu mayi, mumamutokosa ndi ciyani?"

Azakhali anayang'ana pansi. "Ndi macesi. Ndimati ndikumusamala."

"Ambiri amatero," anayankha anamwino. "Kuyambira lero macesi akhale a moto basi."

Phula louma silicotsedwa ndi mphamvu. Limayamba lafewetsedwa. Anamwino anapereka mankhwala odonthezera, nawaonetsa azakhali kacitidwe kake. Wodwala amagona cam'mbali, khutu lotsekeka lili kumwamba. Munthu wina wosamba m'manja amadontheza madontho awiri kapena atatu. Wodwala amakhala cigonere mphindi 5 mpaka 10 kuti mankhwala alowe. Akadzuka amapukuta zotuluka ndi kansalu koyera, kunja kokha. Amacita zimenezi kwa masiku amene anamwino anena, kawirikawiri atatu mpaka asanu. Masiku oyamba khutu lingatsekeke kuposa kale cifukwa phula likufufuma. Zimenezi siziopsa.

Nthawi zina phula likafewa limatuluka lokha. Likapanda kutuluka, a cipatala ali ndi njira zitatu. Yoyamba ndi kutsuka khutu ndi madzi oyera opopera. Madziwo amakhala ofunda ngati thupi la munthu, madigiri 37, cifukwa madzi ozizira kapena otentha kwambiri amacititsa cizungulire. Yaciwiri ndi kukokera phula kunja ndi kacitsulo kakang'ono, wocotsayo akuona mkati ndi nyali. Yacitatu ndi kuyamwa phula ndi makina. Zipatala zazing'ono zikalephera, zimatumiza wodwala ku cipatala cacikulu ca cigawo, Hospital Provincial de Tete.

Patapita masiku asanu, azakhali ndi mwana anabwereranso. Anamwino anaika kambale pansi pa khutu n'kuyamba kupopera madzi. Kacitatu, m'mbalemo munagwa kanthu kakuda, kakakulu ngati nyemba. Mwanayo anadzidzimuka, nagwira khutu lake.

"Azakhali, anthu akulankhuliranji mokweza conci?"

Palibe amene ankalankhula mokweza. Pobwerera kunyumba mwanayo ankaceukira galimoto iliyonse yocokera ku mlatho.

Zimene siziyenera kulowa m'khutu

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, limene m'Cipwitikizi limachedwa OMS, limalangiza kuti munthu asalowetse kanthu m'khutu: kamtengo, thonje, nthenga, waya kapena cala cauve. Limaletsanso kuthiramo mafuta otentha kapena ozizira, parafini, ndi madzi a masamba kapena a mizu.

Pali cifukwa cake. Munthu amene ali kunyumba sangaone nembanemba. Ngati nembanembayo ndi yobooka, cothiridwaco cimadutsa n'kulowa m'khutu lapakati. Kumeneko cingayambitse mafinya kapena kuwononga kumva. Ngakhale mankhwala ofewetsa phula ogula ku famasi sayenera kuthiridwa m'khutu limene likuwawa, lotuluka mafinya, kapena limene linabookapo nembanemba. Woyamba kuona m'khutu akhale wa cipatala.

Phula likamabwerabwera

Kucotsa phula sikuletsa thupi kupanga lina. Kwa munthu wa ngalande yopapatiza kapena wopanga phula loculuka, khutu lingatsekekenso pakapita miyezi. Ameneyu sakudwala matenda oopsa, ndipo si wauve. Angofunika cizolowezi cabwino.

Posamba apukute kunja kwa khutu ndi kuseri kwake ndi kansalu konyowa. Pamene kansalu kokulunga ku cala kafika, ndi pomwepo polekezera. Khutu likayabwa asatokose. Atikite kunja, kutsogolo kwa khutu. Madzi akalowa apendeketse mutu kuti atuluke okha. Acepetse nthawi yovala timawayilesi ta m'khutu ndipo azitipukuta. Apite kukaonetsa makutu kamodzi kapena kawiri pa caka, asanatsekeke. Ngati anamwino aona kuti nembanemba ili bwino, angamulangize kudontheza mankhwala ofewetsa nthawi ndi nthawi.

Nthawi yothamangira ku cipatala

Si khutu lililonse lotseka limene latsekedwa ndi phula. Cimfine cingatsekenso makutu, cifukwa pali kanjira kolumikiza khutu lapakati ndi kuseri kwa mphuno. Matenda ena ndi oopsa. Munthu apite ku cipatala tsiku lomwelo ngati khutu likuwawa kwambiri, likutuluka mafinya kapena magazi, thupi latentha, kuseri kwa khutu kwatupa, ali ndi cizungulire cacikulu, kapena ngati khutu lasiya kumva mwadzidzidzi.

Ana aang'ono amakonda kulowetsa njere za cimanga, nyemba kapena mikanda m'khutu. Makolo asayese kuzikolowola, cifukwa zimapita mkati. Asathiremo madzi, cifukwa njere ikanyowa imafufuma. Nawonso apite ku cipatala.

OMS inalengeza mu 2021 kuti anthu oposa 1,5 biliyoni pa dziko lonse ali ndi vuto la kumva, lalikulu kapena laling'ono. Bungweli limati pafupifupi ana 6 pa ana 10 alionse amene samva bwino, vuto lawo likanapeweka. Caka ciliconse pa 3 Malici dziko lonse limakumbukira tsiku la kumva. Mwa mavuto onse a makutu, la phula ndi limodzi mwa osavuta kuciza. Koma likanyalanyazidwa, mwana amataya miyezi ya maphunziro. Mwana amene akuphunzira cilankhulo caciwiri amataya zambiri, cifukwa mawu atsopano amayamba kulowa ndi khutu asanafike pa pepala.

Mtsikana uja sanabwezedwe kumudzi. Aphunzitsi anamukhazika kutsogolo, namuthandiza kubwereza mawu amene anamudutsa. Patapita miyezi 8 khutu lakumanja linayambanso kudzaza. Ulendo uno anazindikira yekha. Anauza azakhali, ndipo anapita ku cipatala sabata yomweyo. Azakhali nawo anapempha anamwino kuti awaunike m'makutu mwawo.

Mawu atsopano

Khutu: ouvido, orelha
Phula la m'khutu: cera do ouvido
Ngalande ya khutu: canal auditivo
Nembanemba ya m'khutu: tímpano
Counikira m'khutu: otoscópio
Madontho: gotas
Mafinya: pus
Cizungulire: tontura
Namwino: enfermeiro, enfermeira

Mafunso

1. Mawu akuti wosamva ali ndi matanthauzo awiri. Ndi ati? Azakhali ankaganiza za liti?
2. Aphunzitsi anaona zinthu ziti zimene zinawasonyeza kuti mwanayo samva bwino?
3. Chulani zigawo zitatu za khutu.
4. Chulani nchito zinayi za phula la m'khutu.
5. Fotokozani mmene khutu limadziyeretsera lokha.
6. N'cifukwa ciyani kutokosa ndi kamtengo kumatseka khutu m'malo moliyeretsa?
7. N'cifukwa ciyani madzi otsukira khutu ayenera kukhala ofunda ngati thupi?
8. Mwana wa zaka 3 walowetsa nyemba m'khutu. Makolo acite ciyani? Asacite ciyani?
9. Ngati mwana mmodzi pa ana 10 ali ndi phula loculuka, angakhale ana angati pa sukulu ya ana 600?

Zoona kapena zabodza

a. Phula la m'khutu ndi cizindikiro ca uve.
b. Phula louma likanyowa limafufuma.
c. Mafuta otentha amaciza khutu lowawa.
d. Phula likacotsedwa kamodzi silibweranso.
e. Khutu lotuluka mafinya lifunika cipatala.

Zocita

1. Jambulani khutu m'kope. Sonyezani ngalande, nembanemba ndi malo amene phula limapangika. Lembani maina ake mu Cinyanja ndi mu Cipwitikizi.

2. Khalani awiriawiri pa malo opanda phokoso. Mmodzi aime kumbuyo kwa mnzake, patali ngati kutalika kwa mkono. Wakutsogolo atseke khutu limodzi pokanikiza kunja kwake ndi cala. Wakumbuyo anong'oneze manambala atatu, ndipo wakutsogolo awabwereze. Citani cimodzimodzi ndi khutu linalo, kenako sinthanani. Amene walephera kumva asasekedwe. Auze aphunzitsi, ndipo aphunzitsi adziwitse makolo.

3. Thirani nyemba zouma zisanu m'kapu ya madzi. Zisanu zina muzisiye pouma. Mawa lake yerekezani kukula kwake. Lembani ziganizo ziwiri zofotokoza cimene zimenezi zikuphunzitsa za njere yolowa m'khutu.

4. Kunyumba funsani agogo kapena makolo zimene anthu amagwiritsa nchito poyeretsa makutu. Lembani mndandanda. Mawa kambiranani m'kalasi: ndi ziti zimene zingavulaze khutu? Kodi mwana angawafotokozere bwanji akuluakulu mwaulemu?